Msewu ngwa yani? Mbiri ya njinga mu mzinda wa Lilongwe



Ramadhan ikafika timakonda kuwerenga mbiri zikuluzikulu: Badr, kutsegulidwa kwa Makkah, maulendo a masheikh athu ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Ine lero ndasankha mbiri ya chinthu chimene chimatsamira khoma la mzikiti uliwonse kuno ku Area 24, pa Fajr ngakhale pa Taraweh, ndipo palibe amachiyang'ana kawiri pokhapokha chikabedwa. Ndikunena njinga yakapalasa. Ndaisankha chifukwa ena mwa majanaza amene timanyamula m'makwalala a Ngwenya, Kawale ndi Biwi ndi a anthu amene anatuluka m'nyumba ali bwinobwino, nakwera njinga, osabwererako. Tikamaliza kuika timati inali Qadar, ndipo n'zoonadi, palibe chimachitika kunja kwa chikonzero cha Allah. Koma Qadar siitiletsa kufunsa kuti zinayenda bwanji kuti mzinda umene anthu ake ochuluka amayenda wapansi ndi panjinga ukhale ndi misewu yomangidwa ngati kuti aliyense ali ndi galimoto.

Tiyambe ndi dzina. Aswahili amati baisikeli, Ashona amati bhasikoro; onsewo anangotenga liwu la Chingerezi n'kulipinda kuti likwane pakamwa. Ife tinali nalo kale lathu. Njinga inali kachipangizo kozungulira kamene makolo ankapotera ndi kukulungira ulusi wa thonje, ntchito imene David Livingstone anaipeza ikuchitika m'midzi ya Amang'anja a m'chigwa cha Shire mu 1859. Chitsulo cha mawilo awiri chitafika, anthu anayang'ana kuzungulira kwake, nachipatsa dzina la chinthu chimene ankachidziwa kale.

Njinga ya maonekedwe amene tikuwadziwa lero, ya mawilo awiri ofanana ndi tcheni chokoka wilo lakumbuyo, inatuluka ku Coventry, ku England, mu 1885, m'manja mwa John Kemp Starley. Zimene zinalipo iyi isanabwere zinali ndi chiwilo chachikulu kutsogolo, munthu n'kukhala pamwamba ngati wakwera denga la nkhokwe, ndipo akagwa ankayamba ndi mutu. N'chifukwa chake mtundu watsopanowu anautcha njinga yotetezeka. Mu 1888 dokotala wa ziweto wa ku Belfast, John Boyd Dunlop, analembetsa tayala lopopa mpweya, ndipo Ulaya ndi America anapenga nayo njinga. Koma tayala limafuna mphira. Gawo la mphira umenewo linkachokera ku Congo, dziko limene mfumu Leopold II ya ku Belgium inalisandutsa munda wakewake kuyambira 1885 mpaka 1908. Mudzi uliwonse unkapatsidwa mlingo wa mphira woti ukatole m'nkhalango. Olephera ankakwapulidwa, kuphedwa, ena kudulidwa manja. Mwafirika anayamba kuilipira njinga ndi magazi asanaikwere n'komwe.

Kuno kwathu, Angerezi atalengeza ulamuliro wawo mu 1891, galimoto ya bwana inali machila. Mzungu ankagona pansalu yomangirira ku nsungwi, amuna n'kumasinthana kumunyamula pamapewa, akuthamanga uku akuimba. Woyenda pansi akakumana ndi machila ankayenera kupatuka. Ngakhale bungwe limene linafufuza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 linamva dandaulo lakuti Mwafirika ankakakamizidwa kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Ana asukulu asaiphonye mfundo imeneyi. Msewu wa atsamunda unaphunzitsa anthu kuti wokwera ndi wamkulu, wapansi ndi wopatuka. Sunnah inaphunzitsa mosiyana. Mu Hadith imene ili kwa Imam Bukhari ndi Imam Muslim, Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) analamula kuti wokwera ndiye ayambe kupereka salaam kwa woyenda pansi, ndipo ofotokozera Hadith anati nzeru yake n'kuti wokwerayo asadzikweze chifukwa chakuti ali pamwamba. Mwa maphunziro awiriwa, limene lakhazikika pa msewu wa M1 mukulidziwa nokha.

Njinga zoyamba zinali za amishoni, abwanamkubwa ndi eni minda. Kenako zinafika kwa makalaliki, aphunzitsi ndi amesenjala a kuboma. Koma amene anaifikitsa njinga m'mudzi weniweni ndi matchona. Mnyamata akapita ku Salisbury kapena ku Joni, kudzera ku Mthandizi, ku Wenela kapena payekha, umboni woti sanapite kukasewera unali katundu wake: bulangeti, sutikesi yachitsulo, makina osokera, galamafoni, ndi pamwamba pa zonse Humber kapena Raleigh yakuda, ya belu ndi dainamo. Njinga yotere inkasambitsidwa, kupakidwa mafuta, kugona m'nyumba pamene mbuzi zikugona panja. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ochuluka mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Mtsinje umene unkabweretsa njinga za ku Joni unachepa kwambiri. M'malo mwake munalowa zotchipa za ku India ndi ku China, monga Hero ndi Phoenix, zogulitsidwa m'masitolo a amwenye.

Ife Asilamu tili ndi gawo lathulathu m'mbiri imeneyi. Masheikh akuluakulu amene anafalitsa maphunziro a Deen m'mbali mwa nyanja, monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, ankayenda mudzi ndi mudzi limodzi ndi ophunzira awo, mitunda italiitali. Amwalimu amene anabwera pambuyo pawo ndi amene anapepukidwa: ndi njinga, munthu mmodzi ankatha kuswalitsa Jumu'ah mudzi uno, n'kukafika pa maliro mudzi wachitatu dzuwa lisanalowe. Komanso makolo athu ambiri anakana sukulu za mishoni poopa kuti ana awo atembenuzidwa, ndipo mtengo wa kukanako unali wakuti ntchito za m'maofesi zinawadutsa. Zimene zinatsala ndi utelala, ukhukhi, ulendo wa kunja ndi malonda. Pa malonda a nsomba njinga inali zonse. Munthu ankamanga dengu la nsomba zouma pakaliyala ku Mangochi kapena ku Salima, n'kuyamba kukwera mapiri. Kuchokera ku Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo pa zitunda panalibe kupalasa, kunali kukankha basi. Mabanja angati a ku Kawale ndi ku Mchesi amene anayamba ndi gogo wofika m'tauni atagwira chiwongolero cha njinga yonunkha utaka? Ena mwa ana awo lero ali ndi malole, ndipo akamaliza hutala kumbuyo kwa wanjinga amaiwala kuti chuma chawocho chinabwera pakaliyala.

Tsopano mzinda weniweniwo. Lilongwe inayamba ngati boma laling'ono kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'mphepete mwa mtsinje, pamene lero timati Old Town. Pa kalembera wa 1966 munali anthu ongopitirira 19,000. Tauni yotere munthu ankaimaliza wapansi. Dr Banda atatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, Britain inakana kupereka ndalama. Inavomera ndi South Africa ya tsankho, imene inabwereketsa ma rand 8 miliyoni, ndipo mapulani a mzinda anajambulidwa ndi akatswiri a ku Johannesburg. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu.

Pulani imeneyo inali yokongola papepala. Ankafuna mzinda wa mitengo ndi mpweya wabwino, wosathithikana. Choncho anaumwaza. Maofesi a boma ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, msika ndi masitolo ku Old Town, bwalo la ndege kutali ku Lumbadzi, ndipo pakati pa zonsezi tchire ndi misewu yaitali. Nyumba za mabwana anaziika ku Area 10, 12 ndi 43, pafupi ndi maofesi. Anthu wamba anawapatsa mapoloti m'madera omanga wekha, ambiri mwa iwo kutali ndi kumene kuli ntchito. Mzinda womwazikana chotere umamuyenera munthu wa galimoto: iye mtunda sauona, amangoona mitengo. Koma mlonda, wosesa, wamatabwa, wonyamula mabelo a fodya ku okushoni, mtunda umenewo amaulipira ndi miyendo. Wochokera kuno ku Area 24 kupita ku Kanengo ali ndi makilomita oposa 15 kupita kokha. Ojambula mapulani anachokera kudziko kumene kuika wantchito kutali ndi bwana linali lamulo, ndipo sindikhulupirira kuti anasiya maganizo amenewo pa bwalo la ndege.

Anthu sanasiye kubwera. Mu 1977 anali pafupifupi 99,000. Kalembera wa 2018 anapeza 989,318. Chinsapo, Mgona, Mtandire ndi mbali zambiri za kuno kwathu zinamera popanda wojambula, nyumba kutsogolo, njira pambuyo.

Kwa kanthawi mabasi ankabisa vutoli. Akuluakulu amakumbukira mabasi a United Transport Malawi oyenda m'tauni pa nthawi yake. Kampani ya ku Scotland ya Stagecoach inagula bizinesiyo mu 1989 n'kuisiya mu 1997, ndipo Shire Bus Lines imene inalowa m'malo inadzagwa m'zaka za m'ma 2000. Mabasi a m'tauni anatheratu, m'malo mwake munadzaza maminibasi, amene mtengo wake umayenda ndi mtengo wa mafuta. Apa ndi pamene njinga inasiya kukhala chuma chonyadira n'kukhala khasu la m'tauni. Anyamata osowa ntchito anaika khushoni pakaliyala, tizitsulo topondapo ndi kogwirira, kabaza n'kubadwa. Ku Mzuzu amati sakaramento. Ku malire a Uganda ndi Kenya, ku Busia, kumene ntchito yotereyi inatchuka kale, amati boda-boda. Nthawi iliyonse imene chuma chadwala, njinga zimachuluka pamsewu: pa kusowa kwa mafuta kwa 2011 ndi 2012, ndiponso Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amawerengera ndalama ya minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwerera, masiku 26, n'kuona kuti malipiro onse athera kwa kondakitala. Amapita ku Old Town kukafunsa mtengo wa njinga yakale.

Ndiye njingayo ayende nayo pati? Amene sanapalasepo pa M1 m'mawa sangamvetse. Malo a wanjinga ndi kamzere ka m'mphepete, pamene tala anadyeka ngati chitumbuwa cholumidwa ndi mwana. Kumanzere kwake kuli chiphompho cha mchenga kapena ngalande yosavundikira. Kumanja kukudutsa thiraki yochokera ku malire a Dedza, imene mphepo yake yokha imakoka chiwongolero. Minibasi ikaona munthu wakweza dzanja imadula kutsogolo kwako n'kuima pomwepo, chitseko chatseguka kale. Pamene pali kamalo kabwino m'mbali, pali wogulitsa tomato, wowotcha chimanga, kapena galimoto yoimikidwa. Ndipo tisaloze ena okha: Lachisanu masana, kunja kwa mizikiti yathu ina, ndi magalimoto athu amene amatseka m'mbali monse, wanjinga ndi mwana wasukulu n'kukankhidwira pakati pa msewu ife tili pa safu yoyamba. Zaka zino Ramadhan ikugwera m'dzinja. Chithaphwi chimabisa dzenje, matope amamata mabuleki, ndipo galimoto ikadutsa mothamanga kanzu yoyera ija imafika kumzikiti ili ya mtundu wina. Usiku kuli mantha ena: achifwamba a zikwanje amadziwa kuti njinga ndi katundu wodzithawitsa yekha.

Hutala ya kuno ili ndi tanthauzo limodzi: choka. Wanjinga akaimva amatsikira kudothi osayang'ana n'komwe, ngati muja gogo wake ankapatukira machila.

Pali gulu lina limene tonse timalidziwa koma sitikonda kulikamba: amakala. Amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, makilomita oposa 40 kuchokera m'tauni, atasanjikiza matumba atatu kapena anayi, njinga yolimbitsidwa ndi zitsulo ndi mitengo. Ambiri amayenda usiku pozemba a zankhalango, alibe nyali, ndipo katundu wawo ndi wotambalala ngati kagalimoto. Pa chitunda amakankha, pa chitsetse amaponda tayala ndi nsapato chifukwa mabuleki sangagwire kulemera kotero. Timawatukwana kuti akutha nkhalango imene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ndipo n'zoona ikuthadi. Koma futari ya madzulo ano m'nyumba zambiri za Area 24 ipsa pa makala omwewo. Wogula ndi wonyamula ali pa mlandu umodzi, kungoti amene amagundidwa pa msewu wa Likuni ndi mmodzi yekha.

Pa zaka khumi zapitazi kwabweranso njinga zamoto. Zalanda makasitomala a kabaza wakapalasa, zalandanso kamzere kake kaja. Ambiri oziyendetsa sanaphunzire pena paliponse, chisoti n'chimodzi kapena palibe, okwera atatu. Amene wakazonda wodwala ku Kamuzu Central Hospital, kumbali ya othyoka mafupa, safuna kuuzidwa.

Ziwerengero zikuvomereza zimene maso akuona. Lipoti la World Health Organization la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Lipoti la 2018 linayerekeza kuti ku Malawi amafa anthu 31 pa anthu 100,000 alionse pachaka, pamene padziko lonse anali pafupifupi 18. Dziko la magalimoto ochepa chonchi, koma imfa zochuluka chotere. Bungwe lomwelo limati liwiro la galimoto likachoka pa makilomita 50 pa ola kufika 65, mpata woti munthu wogundidwa afe umakula kanayi ndi theka. Makilomita 15 okhawo, amene woyendetsa samawamva n'komwe pansi pa phazi lake.

Ophunzira ena amaganiza kuti nkhani za misewu ndi za a khonsolo ndi apolisi, Deen ilibe nazo gawo. Atsegule mabuku. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) atawaona Maswahaba akukhala m'mbali mwa njira anawauza kuti njira ili ndi haki yake, ndipo mwa zimene anatchula ndi kusavutitsa odutsa. Anaphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi nthambi ya Imaan. Anaweruzanso kuti anthu akakangana pa kukula kwa njira, isiyidwe mikono isanu ndi iwiri, imene ndi mamita atatu ndi pang'ono. Mzinda wa Kufa ku Iraq utamangidwa m'chaka cha 17 Hijri, 638 pa kalendala inayi, motsogozedwa ndi Sa'd bin Abi Waqqas (Radhiya Allahu anhu), wolemba mbiri Imam Tabari akusimba kuti lamulo la Khalifa Umar linali lakuti misewu ikuluikulu ikhale mikono 40, yotsatira 30 ndi 20, ndipo tinjira ta pakati pa nyumba tisachepere 7. Yerekezani ndi tinjira tathu tina kuno, kumene mpanda wa uyu ndi bafa la uyo zadya njira mpaka jeneza imadutsa chopendekeka.

M'mizinda ya Chisilamu munali ndi udindo wa Muhtasib, woyang'anira misika ndi njira. Imam Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analemba m'buku lake la Ihya mutu wa zoipa za m'misewu: kumanga ziweto panjira yopapatiza, kusenzetsa nyama katundu woposa mphamvu zake, kudutsa ndi mitolo ya minga yong'amba zovala za anthu, kutaya makoko ndi madzi oterereka pamene anthu amaponda. Buku la Shayzari, la m'zaka za m'ma 1100, limalangiza Muhtasib kuti alamule onyamula katundu kumanga mabelu m'khosi mwa nyama zawo kuti wakhungu, mwana ndi wosazindikira amve n'kupatuka. Ndikawerenga zimenezi ndimaona wamakala, ndimaona wakabaza wopanda belu amene amaliza mluzu ndi pakamwa, ndimaona mwini shopu amene watulutsa benchi mpaka pa tala. Mavuto ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anawatenga ngati nkhani ya halaal ndi haraam.

Ndipo pali chigamulo chimene woyendetsa galimoto aliyense wa Chisilamu ayenera kuchidziwa asanalize injini. Surah An-Nisa, ayah 92, ikukamba za wopha munthu mwangozi, mosafuna. Pa iye pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi dipo loperekedwa kwa abale a malemu, pokhapokha iwo atakhululuka; Sunnah inaliika pa ngamira 100, ndipo pa kupha mwangozi limasonkhedwa ndi abale a kuchimuna a wopalamulayo. Chachiwiri ndi kaffara: kumasula kapolo wokhulupirira, ndipo amene sangapeze, monga zilili masiku ano, amange miyezi iwiri yotsatizana. Akadumphitsa tsiku popanda chifukwa chovomerezeka, ayambirenso. Maulama ambiri amati pa kaffara imeneyi palibe zodyetsa masikini m'malo mwake. Ife tafika pakati pa mwezi umodzi wokha ndipo mawondo ayamba kale kulankhula. Taganizani miyezi iwiri, wekha, popanda Taraweh ya gulu, popanda Eid kumapeto kwake.

Wina anganene kuti ayah imeneyo inatsika nthawi ya ngamira ndi mivi. Bungwe la maulama la International Islamic Fiqh Academy linakhala pansi ku Brunei mu June 1993 n'kuikambirana nkhani ya ngozi zapamsewu. Linagamula kuti kutsatira malamulo apamsewu amene sakutsutsana ndi Shariah ndi waajib, chifukwa anaikidwa poteteza miyoyo, ndiponso kuti ngozi za galimoto zimaweruzidwa ndi malamulo omwe aja a kuvulaza ndi kupha. Woyendetsa amapepukidwa pokhapokha ngoziyo itadza ndi mphamvu imene sakanatha kuipewa, kapena italakwitsidwa ndi wogundidwayo kapena munthu wina. Chizolowezi chathu n'chakuti wogunda munthu amagula sanda, thumba la ufa ndi ndiwo za pamaliro, akamaliza za kupolisi n'kuti nkhani yatha. Chipepeso n'chabwino, koma si dipo, ndipo si kaffara. Amene zinamugwera apite kwa Sheikh wodziwa Fiqh akafotokoze mmene zinachitikira, osabisa liwiro limene ankathamanga. Kunenanso zoona, oyendetsa ena amathawa pamalo angozi poopa kuphedwa ndi gulu, wovulala n'kutsala akutha magazi. Gulu logenda woyendetsa nalonso likupalamula, ndipo limachedwetsa amene akanathamangira naye kuchipatala.

Chigamulo cha ku Brunei chija chili ndi mbali imene apanjinga sakonda kuimva. Wopalasa nayenso ndi woyendetsa. Kuyenda mbali yolakwika moyang'anizana ndi magalimoto, kutuluka m'kanjira osayang'ana, kupalasa usiku utavala zakuda wopanda nyali kapena chonyezimira, zomvera nyimbo zili m'makutu, ngakhale ikhale nasheed kapena Qur'an imene, zonsezi ndi kudziponya m'chionongeko kumene Surah Al-Baqarah inaletsa. Wakabaza wonyamula mayi ndi mwana kumsana pa njinga yopanda mabuleki wanyamula amaana imene sangathe kuibweza. Alongo athu nawo asamale ndi abaya ndi mipango yaitali: nsalu ikalowa m'masipoko imakoka munthu chagada, mutu n'kuyamba kufika pansi. Kuikwinya n'kuikhalira musananyamuke sikuchotsa hijab.

Tikadali pa wakabaza, ambiri mwa iwo ndi abale athu ndipo akumanga. Maulama amati wantchito yolemetsa agone ndi niya, ayambe tsiku atamanga. Ngati afika poopa kuvulala, amasule n'kudzabweza tsikulo. Wokwera kumbuyo ndiye asamuonjezere mavuto. Hadith ya kwa Ibn Majah imatilamula kumlipira wantchito thukuta lake lisanaume, ndipo palibe ntchito imene thukutalo umaliona ndi maso ngati iyi: likutsika pamsana pa munthu amene wakukweza chitunda cha Kawale, iwe uli phee ndi jumbo lako la zogula. Kufika n'kuyamba kunenerera mtengo umene munagwirizana kale, m'mwezi wa swadaka, ndi chinthu chochititsa manyazi.

Kodi mzinda ungasinthe? Anthu amatchula Netherlands ngati kuti anthu akumeneko anabadwa ndi njira za njinga. Ayi. M'zaka za m'ma 1960 nawonso anagwetsa nyumba kuti akuze misewu ya magalimoto. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pamsewu m'dzikomo, oposa 400 mwa iwo ana. Makolo anatopa ndi kuika maliro, nayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti kupha ana kuthe. Anatseka misewu, anakhala pansi pa tala, anavutitsa aphungu. Mu 1973 mayiko a Aarabu atasiya kuwagulitsa mafuta, boma linaletsa magalimoto kuyenda Lamlungu kwa kanthawi, anthu n'kuona mmene mzinda umakhalira wopanda hutala. Njira zapadera za njinga, zolekanitsidwa ndi magalimoto ndi kakhoma osati ndi penti chabe, zinachuluka kuchokera pamenepo. Ife kusowa kwa mafuta takuona kangapo, maliro nawo sitikuwasowa. Chimene sitinachite ndi kupita ku khonsolo ngati gulu, makomiti a mizikiti ndi a mipingo limodzi, kukanena kuti pa mphambano yakutiyakuti tataya anthu, tikufuna zitunda zochepetsa liwiro, nyali, ndi m'mbali mwa msewu mothiridwa tala. Misewu ya pakati pa mzinda yakuzidwa, ina mpaka mizere isanu ndi umodzi, ndipo pa Area 18 pali msewu wodutsa pamwamba pa unzake. Koma msewu wotambalala umaitana liwiro, ndipo wanjinga wofuna kukhotera kumanja tsopano ayenera kudula mizere itatu m'malo mwa umodzi.

Zina sizidikira khonsolo. Matelala ndi athu, ali pa khonde lililonse. Kansalu konyezimira kosokerera kumsana kwa malaya a wakabaza kapena pa chikwama cha mwana wa madrasa sikadya ndalama yoposa ya mbale imodzi ya masamusa. Komiti ya mzikiti imene imatha kusonkhetsa za futari ya anthu 200 singalephere kugula nyali za njinga zimene zatsamira khoma lake lomwe, kapena kuimika mnyamata mmodzi Lachisanu woti aziuza eni magalimoto poimika.

Ola loopsa kwambiri m'mwezi uno ndi lija la pakati pa 5 koloko ndi Maghrib. Shuga watsika m'thupi, tulo ta daku tikubwerera, mutu ukuwawa, ndipo aliyense akufuna adhaan imupeze pa mkeka wa kwawo. Phazi limalemera pa moto. Shariah sinalamule kuti munthu amasulire pakhomo pake. Tende zitatu ndi botolo la madzi m'galimoto zikukwanira, ndipo Swaumu yake ndi yathunthu. Ola lomwelo, pamene magalimoto akuthamangira kum'mwera kulowera ku Area 23, 24 ndi 36, pali anthu ena amene akupita chakumpoto. Ndi alonda. Anyamuka ku Ngwenya dzuwa likupendeka, chikhotho chamangidwa pakaliyala pamodzi ndi kabotolo ka madzi ndi kontena ya futali wa mbatata, akukagwira ya usiku ku Area 10 kapena 43. Adhaan idzawapeza ali pakati pa njira, mwina pa mlatho wa Lilongwe, mwina chakutsogolo, ndipo kuno mdima sumachedwa: dzuwa likangolowa, mphindi makumi awiri zokha, munthu wa yunifolomu yakuda pa njinga yakuda saonekanso.